Mafunso a Owerenga: Nyimbo za Makono za Kagulu ka Zida Zochepa

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anzathu a kuno ku Joni amene akuimba kapena kupeka nyimbo za zida zochepa, zija amati chamber music. Tikunena kagulu ka anthu awiri, anayi, mwina asanu ndi atatu, aliyense ndi mzere wakewake wa manotsi, kutsogolo kopanda woimbitsa. Mu kwaya munthu akasochera amabisala kwa anzake a liwu lomwelo. Kuno kulibe kobisala.

FUNSO: Pa mpingo pathu pali achinyamata asanu: wa chitoliro, wa klarineti, wa vayolini, wa chelo ndi wa piyano. Ena akuti zida zimenezi siziyenderana ndipo palibe nyimbo zake. Tiwonjezere ndani? Woimbitsa kwaya, Rosettenville

YANKHO: Bambo, musawonjezere munthu. Mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Zida zisanu zimenezi ndi gulu lodziwika kwambiri pa nyimbo za makono, ndipo lili ndi dzina lake, Pierrot ensemble. Dzinali linachokera ku Pierrot lunaire ya Arnold Schoenberg, imene inaimbidwa koyamba ku Berlin mu 1912 ndi zida zomwezi pamodzi ndi mayi woimba mokhala ngati akulankhula. Kuyambira pamenepo opeka nyimbo akhala akulembera gululi, ena n'kuwonjezapo woimba ng'oma ndi marimba.

Koma musawayambitse ndi Schoenberg, angakuthaweni. Yambani ndi In C ya Terry Riley, ya mu 1964, imene imalola chida chilichonse. Ndi tsamba limodzi lokha la tizidutswa 53. Aliyense amabwereza kachidutswa kangapo monga wafunira asanapite kotsatira, bola asatalikirane ndi anzake kuposa tizidutswa tiwiri kapena titatu. Wa piyano amagunda ma C a pamwamba mosalekeza kuti onse akhale ndi poponda. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti achinyamata amaisandutsa mpikisano wothamanga, n'kufika ku 53 asanamvane n'komwe. Auzeni kuti kuima n'kumvetsera anzawo ndi mbali ya nyimboyo. Wa klarineti mumkonzere tsamba lake lapadera, chifukwa chake chili mu yankho lotsatirali.

Kwa awiriawiri, Spiegel im Spiegel ya Arvo Pärt wa ku Estonia, ya mu 1978, ndi ya vayolini ndi piyano, ndipo ilipo yokonzedwera chelo. Manotsi ake mwana angawawerenge, koma uta ukanjenjemera pa noti lalitali tchalitchi chonse chimamva. Akadzakhwima adzayese Quatuor pour la fin du temps ya Olivier Messiaen, ya klarineti, vayolini, chelo ndi piyano. Messiaen anailemba ali mkaidi wa nkhondo ku Görlitz, ndipo inaimbidwa m'ndendemo pa 15 January 1941. Anasankha zida zimenezi chifukwa ndiwo oimba amene anali nawo pakati pa akaidi anzake. Pa zigawo zake 8, zinayi zokha ndi zimene onse amaimba pamodzi. Chachitatu ndi klarineti yokhayokha.

FUNSO: Ndapeka nyimbo ya mphindi zinayi ya zida ngati zomwezo pa MuseScore, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera manotsi. Pa laputopu ikumveka bwino zedi. Tsiku la pulakatisi klarineti inali ngati ikuimba nyimbo ina, chitoliro sichinkamveka, ndipo wa vayolini anati malo ena sangaimbike. Ndalakwitsa pati? Wophunzira nyimbo, Braamfontein

YANKHO: Achimwene, kompyuta ilibe mapapo, ilibe zala. Imaimba chilichonse mwaipatsa, ndipo mawu onse imawasanja mofanana ngati kuti chitoliro ndi piyano zili ndi mphamvu imodzi.

Tiyambe ndi klarineti. Imene ambiri ali nayo ndi ya B-flat. Woimba akawerenga C n'kuika zala za C, liwu lotuluka ndi B-flat, sitepe yathunthu pansi. Ndiye mukafuna kumva C mumlembere D, ndipo nyimbo ya kiyi ya C pepala lake likhale mu kiyi ya D. MuseScore imachita yokha zimenezi, koma imalephera pa zifukwa ziwiri: mwasindikiza kabatani ka Concert pitch kali koyatsa, kapena munalemba pa mzere wa chida china n'kungosintha dzina kukhala klarineti. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani pepala la klarineti pambali pa la vayolini: la klarineti liyenera kukhala ndi ma sharp awiri owonjezera, kapena ma flat awiri ochepera. Ngati nyimbo yanu ilibe kiyi, monga zambiri za makono, fananizani noti loyamba. Pamwamba pa pepala lalikulu la zida zonse lembanipo ngati ndi Score in C (manotsi monga amamvekera) kapena Transposed score (manotsi monga woimba aliyense amawawerengera), kuti oimba asamangoganizira. Dziwaninso kuti klarineti siingatsike kupitirira D wa m'munsi mwa C wapakati pa piyano, ndipo manotsi olembedwa kuyambira G mpaka B-flat pakati pa mizere ndi ofooka. Mtima wa nyimbo musaukhazike pamenepo.

Chitoliro chimanong'ona kuyambira C wapakati mpaka cha pa G wa pamwamba pake. Kulembapo forte, kutanthauza mokweza, sikuthandiza, chifukwa woimba akapemerera mwamphamvu liwu limadumphira okitevu ya pamwamba. Kwezani mzerewo ndi okitevu imodzi, kapena muchepetse ena onse pamalo amenewo: piyano isiye dzanja lamanzere, klarineti ikhale pansi pa chitoliro osati pamwamba pake. Chelo nayo imamira pamene dzanja lamanzere la piyano lagwira manotsi ambiri othinana pamalo omwewo pamene chelo ikuimba, makamaka phazi lili pa pedulo. Ipatseni chelo msewu wake, piyano ikhale pamwamba kapena pansi penipeni, chivindikiro chake chitsegulidwe ndi kamtengo kafupi.

Kenako mpweya. Pa liwiro la 60 pa mphindi, bala la kugunda kunayi, bala la pa pepala osati lomwera, limatenga masekondi 4. Mabala anayi ndi masekondi 16, ndipo cha pamenepo wa chitoliro amakhala akufuna kupuma, msanga kuposa apo ngati akuimba mokweza. Chitoliro chimadya mpweya kuposa klarineti chifukwa wina umangodutsa pa bowo. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, moti woimba wochokera ku Durban amatha mpweya msanga masiku oyamba. Imbani mzerewo ndi pakamwa panu. Pamene inu mwabanika, ikanipo mpumulo.

Wa vayolini sananame. Nsambo zake ndi G, D, A ndi E, ndipo pansi pa G wa m'munsi mwa C wapakati palibe kanthu. Manotsi awiri oimbidwa nthawi imodzi ayenera kukhala pa nsambo ziwiri zoyandikana. Mukalemba G wotsikitsitsayo pamodzi ndi B wa pamwamba pake, onse amapezeka pa nsambo imodzi yokha ya G, ndiye ngakhale katswiri sangathe. Pochoka pa pizzicato, kukodola ndi chala, kubwerera ku uta, siyani mpata wa kugunda kumodzi ndipo musaiwale kulemba arco, kutanthauza kuimba ndi uta. Kuika kapena kuchotsa mute, kachipangizo kochepetsa liwu, kumafuna masekondi angapo dzanja lamanja lili pa ufulu. Mukalemba sul ponticello, kukhwekhweza uta pafupi ndi mlatho (kathabwa kochirikiza nsambo) kuti liwu likhale ngati la chitsulo, lembaninso ord., kutanthauza mwa masiku onse, pamene zathera, apo ayi adzakhwekhweza mpaka kumapeto.

Mapepala a oimba ndi amene amadya nthawi ya pulakatisi. Ikani nambala za mabala, ndi zilembo A, B, C pa mabala 10 mpaka 20 alionse, zofanana pa mapepala onse. Tsamba lithere pamene woimba ali ndi mpumulo, chifukwa wa chelo alibe dzanja lachitatu lotembenuzira. Wina akakhala chete nthawi yaitali, mulembereni timanotsi ting'onoting'ono ta mnzake tomuuza kuti watsala pang'ono kulowa. Mizere isanu ya manotsi isachepere mamilimita 7 kutalika kwake, pakuti pepala limakhala patali ndi maso. Liwiro mulembe ndi nambala, osangoti mwachangu. Ndipo sabata imodzi gulu lisanakumane, khalani ndi woimba aliyense payekha mphindi 20 kuti akusonyezeni pomwe pakumupweteka zala. Pagulu ambiri amachita manyazi kunena.

FUNSO: Malume anabwera ndi valimba kuchokera ku Nsanje ndipo amaiimba bwino. Tikufuna kuiphatikiza ndi mavayolini awiri, viyola ndi chelo, koma zikamveka pamodzi zimakhala ngati china sichinachunidwe. Tiseme timitengo take kuti tifanane ndi piyano? Woimba viyola, Yeoville

YANKHO: Ayi achemwali, mpeni usayandikire. Kusema pansi pakati pa kamtengo kumatsitsa liwu, kusema kunsonga kumalikweza, koma chosemedwa sichibwerera. Komanso chikho chilichonse chopachikidwa pansi chinasankhidwa kuti chiyankhe kamtengo kake; mukasintha kamtengo, chikho chimasiya kuyankha ndipo liwu limafa. Valimba ya malume siinasokonezeke. Ili ndi machunidwe ake, ndipo ndi inu a nsambo amene mungasunthe.

Oimba amagawa okitevu m'tizigawo 1,200 totchedwa masenti. Pa piyano do, re, mi, fa, so, la, ti ali pa 0, 200, 400, 500, 700, 900 ndi 1,100, masitepe ena aakulu ena aang'ono. Valimba ya ku chigwa cha Shire imagawa okitevu m'masitepe asanu ndi awiri pafupifupi ofanana, lililonse cha m'ma 171. Mukawerengera mumapeza 0, 171, 343, 514, 686, 857 ndi 1,029. Onani bwino: fa ndi so zasiyana ndi piyano ndi masenti 14 okha, khutu limalola. Koma mi watsika ndi 57, wakhala pakati pa major ndi minor, ndipo ti watsika ndi 71. Pamenepo ndi pamene pakukuwawani m'makutu.

Chochita choyamba ndi kuyeza valimba yeniyeniyo, chifukwa wosema aliyense amachuna ndi khutu lake ndipo nambala zathuzi ndi chitsanzo chabe. Tengani pulogalamu yochunira ya pa foni yosonyeza masenti, m'chipinda chachete, mugunde kamtengo kalikonse katatu n'kulemba nambala yapakati. Kenako sankhani kamtengo koyandikira A, nonse muchune nsambo ya A ku kameneko, osati ku A wa piyano (440). Nsambo zoyandikana za vayolini zimatalikirana ndi masenti 702, pamene pa valimba mpata womwewo ndi 686. Choncho kwezani D ndi masenti pafupifupi 16, G ndi 32, C wa viyola ndi chelo ndi 49, ndipo E wa vayolini mumutsitse ndi 16. Mukatero nsambo zonse zosapanidwa ndi chala zimagwera pa mawu a valimba, ndipo chida chimalira momasuka. Manotsi opana ndi chala muwalembe monga mwa masiku onse, pamwamba pake n'kuikapo nambala yosonyeza kutsika kapena kukwera. Koma nambala yokha siiphunzitsa chala. Jambulani kamtengo kalikonse pa foni, woimba azikamvetsera akukoka uta mpaka mawu awiriwo asiye kugwedezana. Vibrato, kunjenjemeretsa liwu ndi chala, muichepetse kwambiri, imabisa chomwe mwavutikira. Piyano ikhale kaye panja.

Ena anadutsamo kale. Kevin Volans, wobadwira ku Pietermaritzburg mu 1949, analemba White Man Sleeps mu 1982 ya ma harpsichord (zida zakale zonga piyano) awiri ochunidwa mwa chiAfirika, viola da gamba (chida chakale chonga chelo) ndi zogunda, ndipo zina mwa zimene anatengako ndi nyimbo za zitoliro zotchedwa nyanga za Anyungwe a ku Tete, oyandikana nafe. Mu 1986 anaikonzanso kuti iimbidwe ndi Kronos Quartet, gulu la zida zinayi za nsambo la ku America, m'machunidwe a chizungu, ndipo inatuluka pa chimbale cha Pieces of Africa cha mu 1992 pamodzi ndi nyimbo za Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe ndi Justinian Tamusuza wa ku Uganda. Michael Blake, amene anayambitsa bungwe la nyimbo za makono la NewMusicSA, anatsogolera The Bow Project, mmene opeka osiyanasiyana analembera zida zinayi za nsambo poyankha nyimbo za uhadi (uta woimbira wokhala ndi chikho) za mayi Nofinishi Dywili wa ku Eastern Cape. Mvetserani zimenezi musanagwire pensulo.

Cholakwa chachikulu sichikhala machunidwe. Ambiri amatenga nyimbo ya kumudzi n'kuipatsa vayolini yoyamba, ena atatu n'kuwaveka alto, tenor ndi besi ngati nyimbo ya m'buku la tchalitchi. Zimatuluka zaulemu koma zopanda mchere. Tengani kalukidwe kake. Pa mangolongondo anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina akugunda m'mipata imene mnzake wasiya, ndipo khutu limamva nyimbo yachitatu imene palibe akuiimba yekha. Chitani chomwecho ndi mavayolini awiri: woyamba atenge kugunda koyamba, kwachitatu, kwachisanu, wachiwiri alowe pakati, onse ndi uta waufupi kapena pizzicato. Liwu la valimba limazima msanga, ndiye chelo ndi viyola zingagwire manotsi aatali pansi pake, chinthu chimene valimba payokha siingachite. Kodi malume amawerenga manotsi? Ngati ayi, musawakakamize. Iwo azizungulira chidutswa chawo monga azolowera, inu mulembe kuti mulowa akazungulira kangati, ndipo mugwirizane chizindikiro chosinthira. Zojambulidwa zakale za kwathu zilipo ku International Library of African Music, imene Hugh Tracey anaiyambitsa mu 1954 ku Roodepoort konkuno, n'kusamukira ku Rhodes University mu 1978. Iye anajambula oimba a bangwe, kaligo ndi zina ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950.

FUNSO: Nyimbo imene tikuphunzira imasinthasintha, pena 7/8 pena 5/8. Popanda woimbitsa timabalalika tisanafike pakati. Woimba chitoliro, Randburg

YANKHO: Mayi, lekani kuwerenga wani mpaka seveni. Bala la 7/8 ndi timagulu ta ziwiri ndi zitatu: 2+2+3, 3+2+2 kapena 2+3+2. Wopeka wabwino amasonyeza zimenezi ndi mmene walumikizira michira ya manotsi. Nonse mulembe ndi pensulo pamwamba pa bala, kamzere pa ziwiri, katrayango pa zitatu, ndipo zifanane pa mapepala onse. Kawirikawiri gulu limabalalika chifukwa wina akumva 2+2+3 pamene mnzake akumva 3+2+2. Nenani pakamwa kuti nsima nsima chimanga, mupeza zisanu ndi ziwiri. Nsima chimanga ndi 5/8. Chenjerani chabe, Chichewa chimakonda kukoka pa ma wa chimanga. Apa maphatikizo onse akhale ofanana ndipo mugunde pa chi.

Zida zikhale pansi kaye, muombe m'manja mizere yanu. Clapping Music ya Steve Reich, ya mu 1972, ndi yabwino kutenthetsera: anthu awiri, kachidutswa ka kugunda 12, wina osasuntha, mnzake akusunthira kutsogolo kamodzikamodzi mpaka akumanenso. Mukabwerera ku zida, metronome, kachipangizo kogunda liwiro, iyambe pa magawo awiri mwa atatu a liwiro lenileni, muzikweza ndi 4 pokhapokha mwadutsa kawiri osagwa. Wotsogolera si wa vayolini nthawi zonse. Pamalo palipose amatsogolera amene ali ndi manotsi achangu, ndipo polowa pamodzi mmodzi akoke mpweya moonekera pa liwiro la nyimboyo, a nsambo nawo apume naye. Khalani mozungulira ngati mwezi wokhala kumene kuti muzionana. Mu holo ya matailosi ndi malata mawu amabwerera mochedwa, ndiye yandikiranani, yalani kapeti, ndipo mukhulupirire maso kuposa makutu.

FUNSO: Chelo ya mwana wanga yatseguka m'mbali mwezi wa July, ndipo zikhomo zikungomasuka zokha. Ndimate ndi guluu? Kholo, Turffontein

YANKHO: Musamate, bambo. Nyengo yozizira ya kuno ndi youma kwambiri, matabwa amafota, zikhomo zimachepa m'mabowo mwake. Opanga zida amamata ndi guluu wa chikopa, wofooka dala, kuti msoko utseguke thabwa lisanang'ambike. Msoko wotseguka katswiri amautseka mosavuta. Mukathirapo supaguluu kapena guluu wa akalipentala, ulendo wina chong'ambika ndi thabwa lakutsogolo. Masulani nsambo pang'ono chabe. Mukamasula zonse, kamtengo koima m'kati kamene kamachirikiza mlatho kamagwa. Ngati mng'alu uli pa thabwa penipenipo, asiye kuiimba ndipo asagwirepo ndi zala, mafuta a m'manja amalepheretsa guluu kugwira.

Chida chimafuna chinyezi cha pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, muike m'bokosi la chelo pamodzi ndi kasiponji konyowa, kofinyidwa bwino, m'kabokosi ka sopo koboola. Hita ndi buti ya galimoto ndi adani. Klarineti ya mtengo nayo imang'ambika ikalandira mpweya wotentha ili yozizira: itenthetseni m'khwapa kaye, ndipo mukatha muipukute m'kati. Zopemerera zozizira zimatsika liwu, ndiye m'holo yozizira muchune kachiwiri pakatha mphindi khumi.

FUNSO: Tingachite fotokope manotsi amene tabwereka, n'kukaimba pa konsati yolipiritsa? Mlembi wa gulu, Berea

YANKHO: Funsani kaye kuti wopeka anamwalira liti. Lamulo la South Africa la mu 1978 limateteza nyimbo moyo wonse wa wopeka ndi zaka 50 pambuyo pake. Schoenberg anamwalira mu 1951, Bartók mu 1945, Stravinsky mu 1971, ndiye nyimbo zawo ndi zomasuka kuno. Messiaen anamwalira mu 1992, zake zikadali zotetezedwa mpaka kutha kwa 2042. Za Pärt, Reich ndi Volans mugule kapena mubwereke kwa osindikiza awo: Universal Edition, Boosey & Hawkes ndi Chester Music. Kusintha nyimbo yotetezedwa kuti iyenere zida zanu kumafunanso chilolezo chawo.

Kuimba pagulu ndi nkhani ina. Imeneyo ndi ya SAMRO, bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo, limene lili ku Braamfontein. Funsani eni holo ngati ali ndi laisensi yake, ndipo mupereke mndandanda wa nyimbo zimene mwaimba kuti ndalama ifike kwa opeka. Laisensi imeneyi siikupatsani ufulu wa fotokope. Amene mwa inu amapeka yekha alembetse nyimbo zake, ndipo ngati ali kale membala wa COSOMA kumudzi anene zimenezo poyamba, nyimbo imodzi isalembetsedwe kawiri. Ngati thumba lili lopyapyala, a Kronos Quartet anaika pa intaneti nyimbo 50 zatsopano za zida zinayi za nsambo pansi pa dzina la 50 for the Future. Pepala lalikulu, mapepala a woimba aliyense ndi zojambulidwa zake zonse ndi zaulere, ndipo mungasindikize popanda mlandu.